Azakhali Adasiya Kubera Mayeso a Shuga

Azakhali anga ankabera mayeso a shuga, ndipo ankabera mwaukatswiri. Sikuti ndikuwaulula. Eniake ndiwo amaiyamba nkhaniyi masiku ano, kaya ndi pachinkhoswe kaya pamzere wa kuchigayo, n'kumaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Kuberako kunkayenda chonchi. Anesi akalemba tsiku lobwerera m'kabuku ka kuchipatala, azakhali ankalisunga pamtima. Kukatsala masiku atatu kapena anayi, nsima ankaisiya. Tiyi ankamwa wosathira kanthu, tsinya lili pamphumi. Zitumbuwa ndi mandasi zimene ankakazinga okha n'kumagulitsa pamsika ankangozinunkhiza. Chakudya chawo chinkakhala chisoso ndi bonongwe wosatendera, mwinanso kugona osalawa kalikonse, koma mapiritsi akumwabe. Tsikulo likakwana ankadzuka tambala woyamba atangolira, kukwera kabaza mpaka pamsewu wa tala, kudikira kuti minibasi idzaze, n'kukapeza anzawo atandanda kale pamabenchi a chipatala cha kuboma, aliyense m'mimba mukulira, poti magazi a shuga amayeza munthu asanadye. Akawabaya chala, pamakina pankatuluka 120, mwina 130. Adokotala, amene panja pankawadikira chinamtindi cha anthu, ankalemba mwachangu kuti mankhwala ndi omwewo, abwerenso pakatha miyezi itatu.

Akatuluka pachipata ankalunjika pa okala. Fanta wozizira ndi masikono awiri, kudzithokoza pa ntchito imene agwira.

Miyezi itatu yotsatirayo ndiyo inali ndi zoona zake. Ludzu losatha, ndowa ya madzi akumwa ili pafupi ndi mphasa. Usiku tulo todukizadukiza chifukwa cha mikodzo, ndipo kukacha nyerere zinkapezeka zitazungulira chitini chokodzera, chinthu chimene azakhali ankati ndi vuto la nyumba yosazira bwino. Thupi lidatsika mpaka mabulauzi awo a Mvano kumalendewera m'mapewa, anthu n'kuyamba kunong'onezana za matenda ena. Kutchalitchi ankagwira buku la nyimbo mongosunga mwambo, zilembo zikuoneka mbuu, akuimba za pamtima. Mapazi ankati amayaka moto usiku, masana n'kuchita dzanzi. Zonsezi adokotala sankazimva, chifukwa nambala inali yabwino, ndipo azakhali sankafuna kuiipitsa ndi madandaulo.

Tsiku lina kuberako kudatsala pang'ono kuwatenga. Limodzi la mapiritsi awo linali glibenclamide, amene amakakamiza kapamba kutulutsa insulin kaya munthu wadya kaya sanadye. Munthu wogona ndi njala n'kumwa mankhwala amenewo shuga amatha kutsika kupyola muyezo. Ali pabenchi adayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mawu osamveka, mpaka mayi wina amene ankadziwa zizindikirozo adawamwetsa madzi a shuga. Pofika kunyumba adangoti kudali kutentha.

Ine sindiwaimba mlandu azakhali, ngakhalenso adokotala aja. Taganizani: munthu wataya tsiku la geni, walipira kabaza ndi minibasi ulendo wopita ndi wobwerera, wakhala pabenchi kuyambira mbandakucha, ndiye pamapeto pake akakalipiridwe pagulu ndi mwana wa msinkhu wa mdzukulu wake? Aliyense akhoza kufuna njira yoti nambala imukomere. Ndipo adokotala angadziwe chiyani za munthu amene amuona mphindi zisanu, kuchokera pa dontho limodzi la magazi, m'mawa umodzi pa masiku 90? Shuga sadwalitsa munthu pa tsiku la kiliniki. Amadwalitsa pa masiku enawo.

Chidasintha zinthu ndi mliri. Mu January 2021 COVID-19 idafika poopsa m'dziko muno, mpaka nduna ziwiri za boma kumwalira tsiku limodzi, ndipo pawailesi ankabwerezabwereza kuti odwala shuga ndi a BP ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Azakhali adanenetsa kuti pabenchi paja sakakhalaponso. Mwamwayi anesi ena a pakilinikipo adali atayamba kale kutolera manambala a foni. Adati aliyense amene angapeze kamakina koyezera kunyumba aziwatumizira zotsatira pa WhatsApp, ndipo mankhwala azikatenga wachibale. Msuweni wanga wa ku Johannesburg adatumiza kamakinako pamodzi ndi timabotolo ta timapepala toyezera. Ine ndidapereka foni yanga yakale yosweka pakona. Mdzukulu wawo wa Fomu 2, amene amagona nawo nyumba imodzi, adapatsidwa udindo wa zamakina.

M'mawa woyamba foni yanga idalira kamodzi n'kuduka. Azakhali sayimba, amaflasha. Nditawaimbira ndidamva mawu a munthu amene waona imfa.

"Mwanawe, shuga wandithera m'thupi! Wafika pa 16!"

"Pa 16 bwanji, azakhali?"

"Ndikukuuza 16! Kuchipatala adati ikatsika pa 70 ndiye kuti zavuta. Ndamwa kale kapu ya madzi a shuga, ndikusungunula ina."

Kapu yachiwiriyo idapulumuka chifukwa mdzukulu uja adali atajambula kale makinawo n'kutumiza, ndipo anesi adaimba nthawi yomweyo. Makina a ku South Africa amawerenga shuga m'muyezo wa mmol/L, pamene a pachipatala chawocho ankawerenga mu mg/dL. Kuti ziwirizi zifanane, nambala yaing'onoyo umaichulukitsa ndi 18. Ndiye 16 uja anali 288, munthu asanadye, ndiponso asanamwe kapu yoyamba ija.

Anesi adakhala kaye chete. Kenako adafunsa mwaulemu wonse.

"Mayi, nanga m'kabuku mwanu muja timalembamo 120, 130. Zikutheka bwanji kuti lero tipeze 288?"

Azakhali adayamba kufotokoza za makina a kunja, kuti mwina sazolowera magazi a kuno. Mdzukulu, amene adali atagwira foni ili pa sipika, adangoyankha mosaganiza kawiri: "Agogo amasiya nsima kukatsala masiku atatu." Akuti kuseka kwa anesi kudamveka mpaka kukhitchini. Mwanayo adakhala sabata yathunthu akutchedwa Yudasi.

Anesi adapempha chinthu chimodzi, kuti azakhali akayezetse HbA1c. Pachipatala paja panthawiyo panalibe zoyezera zake, choncho tidalipira ku labu ina m'tauni. Kuyeza kumeneku ndi mdani wa obera mayeso. Shuga akamayenda m'magazi amamatirira ku haemoglobin, chinthu chofiira cha m'maselo a magazi, ndipo akamatirira sachokanso mpaka selolo litafa. Maselo ofiirawo amakhala moyo masiku pafupifupi 120. Ndiye ukayeza kuchuluka kwa haemoglobin womatiridwa ndi shuga, umaona mmene munthu wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kubaya chala kuli ngati mayeso a tsiku limodzi amene mwana angathe kuwakonzekera usiku umodzi, pamene HbA1c ndi kaundula wa aphunzitsi wa teremu yonse. Ikafika 6.5 madokotala amati munthu ali ndi shuga, ndipo kwa akuluakulu ambiri odwala amafuna kuti ikhale pansi pa 7. Ya azakhali idadutsa 11.

Walira mvula walira matope. Azakhali adafuna chipatala chosakwerera minibasi, ndipo adachipeza, koma chidabwera ndi maso. Masiku atatu pasabata ankabaya chala m'mawa asanadye, ndipo masiku ena ankabayanso patatha maola awiri atadya nsima ya masana. Mdzukulu ankalemba m'kope la masamu, tsiku, nthawi, nambala ndi zimene adya. Lamulungu madzulo ankajambula tsambalo n'kutumiza. Pofika Lachiwiri yankho linkabwera, osati lolemba, koma mawu ojambula, kuti azakhali amve okha ndi makutu awo. Ankawamvetsera kawiri kapena katatu, n'kumawayankha anesiwo ngati ali pakhonde pomwepo: "Eya. Ndamva. Iyayi, pamenepo ndiye mwandinamizira."

Pa foni m'pamene padatuluka chinsinsi chachiwiri, chimene pabenchi paja sichikadatuluka ngakhale patapita zaka khumi. Mapiritsi a metformin ankawatsegula m'mimba. Munthu wokhala pamsika tsiku lonse, chimbudzi chili kutali ndiponso cholipira, sangachite masewera ndi m'mimba. Choncho masiku a msika sankamwa, ndipo masiku a msika ndiwo adali ambiri. Nkhani yotere mayi wachikulire sangainene m'chipinda chimene chitseko chili chotsegula, adokotala ali mwamuna wachinyamata, anthu akusuzumira kuti atuluka liti. Koma adainena ali kuseri kwa nkhokwe, foni ili kukhutu, kwa mayi mnzawo. Anesi adakambirana ndi adokotala, ndipo adabweza mlingo wa metformin pansi, n'kumaukweza pang'onopang'ono pakapita masabata, ndi lamulo loti azimwa ali pakati pa kudya, osati m'mimba muli mopanda kanthu. M'mimba mudakhazikika. Za glibenclamide adawauza mosapita m'mbali kuti tsiku limene sakudya asamwe.

Kumbali ya chakudya ndiye kudali chisangalalo, chifukwa azakhali adasanduka wofufuza. Kwa zaka zambiri ankamva malangizo omwewo, akuti chepetsani nsima, siyani zotsekemera, n'kumangogwedeza mutu. Tsopano adali ndi makina oti awatsutse nawo anesi, ndipo adayamba ndi mtima wofuna kuwagwira bodza. Adati mgaiwa sukweza shuga. Adadya mitanda itatu ya mgaiwa n'kubaya chala, ndipo nambala idawayankha. Adabwerera pa mtanda umodzi wa chipande chaching'ono, ndiwo zamasamba zodzaza mbale, nyemba kapena usipa pambali, ndipo nambala idagonja. Adati uchi si shuga, ndi mankhwala. Makina adakana. Chidawapweteka mtima kwambiri ndi thobwa, limene iwo ankaliwerengera m'gulu la madzi. Atamwa chikho chimodzi n'kuona zotsatira, adaimbira anesi kuwauza ngati nkhani yachilendo imene aitulukira okha.

"Anesi, mukudziwa kuti thobwa ndi loopsa?"

"Ndidakuuzani chaka chatha, mayi."

"Munangonena. Ine ndaona."

Adatulukiranso china chimene palibe adawauza mwachindunji: akadya n'kupita kudimba kukathirira, nambala inkakhala yotsika kusiyana ndi tsiku limene adya n'kugona pamkeka. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi. Kuyambira pamenepo mdzukulu adalandidwa ntchito yothirira mpiru.

Zimene zinkachitika pakhonde la azakhali ena adaziyesa kale mwadongosolo. Ofufuza a pa yunivesite ya Edinburgh, motsogozedwa ndi Sarah Wild, adatenga anthu 321 a shuga wa mtundu wachiwiri amene shuga wawo sankatsika, n'kuwagawa pawiri mwamaere. Gulu lina lidapitiriza chithandizo cha masiku onse. Linalo linkayeza shuga kunyumba kawiri pasabata, m'mawa ndi madzulo, manambala n'kumapita pa intaneti kwa anamwino ndi madokotala a pachipatala chawo. Zotsatira zidatuluka mu 2016: patatha miyezi 9, HbA1c ya otumiza manambala idali yotsika ndi 0.5 kuyerekeza ndi anzawo. Ku New York kudachitika kafukufuku wamkulu kuposa ameneyu, wotchedwa IDEATel, wa anthu 1,665 a zaka 55 kupita m'tsogolo okhala m'madera osowa madokotala. Theka adawaikira m'nyumba makompyuta okhala ndi kamera ndi zoyezera, namwino n'kumalankhula nawo pakanema. Patatha zaka zisanu kusiyana kwa HbA1c kudali 0.29, BP nayo idatsikako, ngakhale makinawo adadya ndalama zambiri.

Wina anena kuti 0.5 kapena 0.3 ndi nyenyeswa. Ayi ndithu. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa UKPDS, amene adatsatira odwala masauzande kwa zaka zambiri, adasonyeza mu 2000 kuti HbA1c ikatsika ndi 1, mavuto a timitsempha ting'onoting'ono, a m'maso ndi a impso, amachepa ndi 37 peresenti. Theka la 1 ameneyo ndi maso a munthu wina.

Pofika apa ine ndidatengeka, ndipo ndikadakhala nduna ndikadalamula kuti mabenchi onse a kiliniki ya shuga awaze nkhuni. Koma si foni iliyonse imene imatsitsa shuga, ndipo umboni wina wa zimenezi udachokera konkuno. Mu kafukufuku wotchedwa StAR2D, anthu 1,186 a ku Lilongwe ndi ku Cape Town adagawidwa pawiri, ena n'kumalandira mauthenga a SMS kwa chaka chathunthu, owakumbutsa kumwa mankhwala, kukatenga ena ndi kudzisamalira. Zotsatira zitatuluka mu 2021, HbA1c ya magulu awiriwo sidasiyane. Uthenga udafika, koma sudafunse kanthu, ndipo palibe amene ankadikira yankho.

Ku Pittsburgh, m'dziko la America, Margaret Zupa ndi anzake adaunika mbiri za odwala akuluakulu 3,778 amene ankaonedwa ndi akatswiri a matenda a shuga pakati pa 2020 ndi 2022, n'kuzisindikiza mu JAMA Network Open mu December 2023. Amene ankaonana ndi dokotala pamaso HbA1c yawo idatsika ndi 0.37 pachaka. Osakaniza, mwina pamaso mwina pakanema, idatsika ndi 0.22. Koma a pakanema pokha sidasunthe kwenikweni, ndipo kusiyanako kudali kwakukulu pakati pa obaya insulin. Anthuwa sadagawidwe mwamaere, choncho n'kutheka kuti a pakanemawo adali kale ndi zovuta zina, monga mtunda kapena kutanganidwa. Komabe nkhani yake ikumveka. Kungochotsa benchi n'kuikapo kamera, dokotala n'kumaonekabe kamodzi pa miyezi itatu wopanda manambala a kunyumba m'manja, ndi kiliniki yomwe ija, kungoti tsopano palibenso wokubaya chala. Azakhali akadaikonda kwambiri kiliniki yotero. Sakadavutika n'komwe kusiya nsima.

Chimene chidawagwira ndi china. Nambala inkachoka pakhonde pafupipafupi, inkafika kwa munthu amene ankaiwerengadi, munthuyo adali ndi njira yosinthitsira mankhwala, ndipo yankho linkabwerera sabata yomweyo. Mukachotsapo chimodzi pa zimenezi mwatsala ndi foni chabe.

Mliri utachepako, anesi adati azakhali abwere adzaonane. Adakana kwamtuwagalu.

"Nanga foni ija ndi ya chiyani? Manambala mukuwaona, mbale mukuiona. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna mapazi anu, mayi."

Adapita akung'ung'udza njira yonse. Atakhala pabedi, anesi adawavula mapatapata, n'kutenga kaulusi kolimba ka pulasitiki, kaja amagunditsa kuphazi mpaka kapindike, munthu atatsinzina, kuti anene ngati wamva. Kuphazi lamanja azakhali ankati eya, eya. Kulamanzere adangokhala duu, akudikira kuti anesi ayambe, pamene anesi adali atagunda kale malo atatu. Potembenuza phazilo, pansi pa chala chachikulu padali kabala kozungulira, m'mbali mwake mutauma, pakati pakutuluka timadzi, ndipo mkati mudali kansonga ka munga. Udalowa liti, mwiniwake sankadziwa. Shuga wa zaka zija adali atapha kale mitsempha yomvera ululu, ndipo dimba lija ankapitako opanda nsapato.

Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga imayamba ndi kabala kotero, kosapweteka, kosaoneka, konyozeka. Zithunzi zonse zimene mdzukulu adatumiza, za kope, za mbale, za makina, panalibe n'chimodzi chomwe cha kuphazi. Ndani amajambula kuphazi kwa agogo ake? Bala lidatsukidwa, adalandira mankhwala, adauzidwa kuti asaliponde kwambiri, ndipo lidapola. Tsiku lomwelo adawayeza BP ndi mikodzo poona ngati impso zili bwino, n'kuwalembera kalata yopita kwa a maso, kumene adawathira mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti aone mitsempha ya mkati. Zimenezi zimafunika kamodzi pachaka kwa wodwala shuga aliyense, ndipo palibe bandulo imene ingazichite. Pobwerera adagula nsapato zotseka, ndipo mdzukulu adaonjezeredwa ntchito: madzulo aliwonse tochi m'manja, kuyendera mapazi a agogo, pakati pa zala ndi pansi pomwe.

Tsopano amapita kuchipatala kawiri pachaka, ndipo amapita atadya bwinobwino dzulo lake.

Zovuta zilipo, ndisanamize. Timapepala toyezera n'todula, ndipo makina aliwonse amafuna timapepala take, moti ta ku Johannesburg tikatha timachita kudikira wobwera pabasi. Netiweki pakhomopo imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola. Foni amakatchajitsa kwa ometa tsitsi. Ndipo dongosolo lonseli lidatsamira pa mtima wa anesi amodzi, amene ankamvera mauthenga a odwala usiku ataweruka, pa bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Zimenezo n'zoyamikika, koma dziko silingayendetse chipatala pa chifundo cha munthu mmodzi. Chikhalirecho njira tidaiona kale. Chipatala cha pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, poyamba chothandiza amayi oyembekezera ndi ana, ndipo kenako chidaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, munthu n'kumaimba kwaulere kuchokera kulikonse m'dziko muno. Dziko limene lidatha zimenezo lingathenso kupatsa anesi a kiliniki ya shuga foni ya ntchito, mayunitsi, ndi maola owerengera manambala a odwala awo.

Koma ndimati ndikuuzeni za azakhali a lero, poti m'pamene pali nkhani.

Choyamba kubwerera chidali tulo. Patangotha masabata ochepa mankhwala atakhazikika, adandiflasha m'mawa kuti andiuze kuti agona usiku wonse osadzuka, ndipo ankalankhula ngati munthu amene wapambana mlandu. Chitini chija adadzalamo maluwa. Kenako maso adayera. Shuga akakwera kwambiri, galasi la m'diso limatupa ndi madzi, ndipo akatsika n'kukhazikika limabwerera m'malo mwake. Tsiku lina ku Mvano, mtsogoleri atatchula nambala ya nyimbo, azakhali adatsegula buku, n'kupeza kuti vesi lachitatu limene akhala akuimba zaka zonsezi mawu ake ena sali mmene ankawatchulira. Adawakonza, n'kuyamba kukonzanso anzawo. Thupi lidabwerera, mabulauzi adakhalanso m'mapewa, ndipo onong'ona aja adasowa nkhani. Moto wa m'mapazi udachepa, ngakhale dzanzi la kumanzere lidatsalako. HbA1c yachiwiri idatsika kufika m'ma 8, ndipo yachitatu idagwera m'ma 7. Pepala la ku labu adalipinda bwino n'kuliika m'Baibulo, ndipo mlendo aliyense amaonetsedwa, afune asafune.

Geni nayo idasintha. Mandasi akugulitsabe, poti amati sangalamule dziko lonse, koma pambali pake pali mtedza wokazinga ndi mazira owiritsa, zimene eniake amadya akamva njala pamsika. Ndalama ya kabaza ndi minibasi ija tsopano imagula timapepala. Amayi ena atatu a shuga a m'mudzimo amabwera Loweruka m'mawa kudzayezetsa pakhonde pawo, aliyense ndi kasingano kake, chifukwa anesi adaletseratu kubwerekana, ndipo azakhali ndiwo msungichuma wa thumba la timapepala. Munthu amene kale ankabera mayeso ndiye wasanduka woyang'anira mayeso, ndipo ndi wankhanza. Mayi wina atabwera ndi nambala yokongola mokayikitsa, azakhali adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anzanga, dzulo mwadya chiyani? Musandinamize ine. Njira imeneyo ndidaitsegula ndine."

Ife achibale ndiye tili pamoto. Ukafika pakhomopo n'kuthira supuni yachitatu ya shuga mu tiyi, umamva kutsokomola kuseri kwako. Amalume, amene mimba yawo ankati ndi chizindikiro cha ulemerero, adawakoka dzanja mpaka pampando, kuwabaya chala, n'kuwalamula kuti Lolemba akaonekere kuchipatala. Adapita.

Chaka chatha kudali ukwati wa mwana wa msuweni wanga. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, ataitana a kuchikazi, azakhali ndiwo adatsogolera mzere, nsapato zotseka zili kuphazi, ndalama zili m'manja, chiuno chikugwedezeka moti achinyamata adaimirira pamipando ndi mafoni. Adavina nyimbo itatha n'kuyambanso ina. Keke itadulidwa, adalandira chidutswa chawo m'kapepala, n'kukodola mdzukulu uja, amene panopa ali ku koleji. Mwanayo adadziwa kale chochita. Adajambula kekeyo ili m'dzanja la agogo ake n'kutumiza. Sipadapite mphindi zambiri, yankho la anesi lidafika, ndipo adalitsegula pa sipika pakati pa phokoso lonselo.

"Theka lokha, mayi. Mukatha mubwerere mukavine."

Azakhali adanyema kekeyo, ndipo ine amene ndidali pafupi ndikuchitira umboni kuti theka limene adasankha lidali lalikulupo. Linalo adandipatsa ine, n'kundilanda K500 imene ndidagwira m'manja, n'kubwerera m'bwalo akuikupiza m'mwamba.